Lipoti Limene Ndinalitsutsa Ndekha

Chaka choyamba: ku Limbe

Ana anga, za kumudzi ndi za kusukulu munazimva kambirimbiri, sindizibwerezanso. Ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi ku Limbe nditavala jekete yobwereka, kukayamba ntchito pa kampani ina yofufuza miyala. Ofesi yake inali kuseri kwa mashopu a amwenye, pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa miyala inkagwedera m'mashelefu. Ntchito yathu inali kuuza anthu zimene zili pansi pa nthaka: poyenera kukumba mjigo, popezeka laimu wopangira simenti, polimba poti n'kumangapo mlatho.

Bwana wanga woyamba anali mzungu wachikulire. Dzina lawo linali lovuta pakamwa, ndiye tonse tinkangoti Bwana Nyundo, chifukwa kanyundo kawo koswera miyala sikankachoka m'lamba. Tsiku lomwelo anandiikira patebulo miyala iwiri yoyera n'kudonthezera asidi pa uliwonse. Yonse iwiri inachita thovu.

"Yonse ndi laimu," anatero m'Chinyanja chawo chopindikapindika. "Koma si pachibale. Thira madzi uone."

Ndinathira. Pa mwala woyamba madzi anangotsetsereka. Wachiwiri unawamwa ngati buledi mu tiyi. Woyambawo, anandifotokozera, unali wa m'mapiri akwathu konkuno, ndipo unapsa ndi moto wa pansi pa dziko mpaka timabowo take tonse tinatsekeka. Wachiwiri anautola kugombe la nyanja yamchere, m'dziko loyandikana nalo. Kumeneko, m'madzi osaya, ofunda ndi oyera, mumakhala nkhono ndi tizilombo tambirimbiri ta zigoba. Tikafa, zigobazo zimaunjikana zina pamwamba pa zinzake kwa zaka zosawerengeka, mpaka zimasanduka thanthwe lokhuthala, lathyathyathya, lotambalala kuposa boma lathunthu. Ife muofesi tinkalitcha nsanja ya laimu. Nsanjayo ikakwiririka n'kutsikira pansi, timabowo take timasanduka nkhokwe. Mafuta amabadwira m'matope akuda a pansi kwambiri n'kumakwera pang'onopang'ono. Akapeza nsanja yotere, pamwamba pake pali dongo lotseka ngati chivundikiro, amakhazikika momwemo. Maiko ambiri otchuka ndi mafuta, anatero, anakhalira nsanja zoterezi.

"Nanga kwathu kuno ilipo, bwana?" ndinafunsa.

"Kuti ikhalepo, nyanja yamchere iyenera kuti inafikako kale. Kumapiri kuno ayi. Kuchigwa uko, cha ku Nsanje, mwina inasuzumirako. Palibe anatsimikiza."

Ndinatuluka muofesimo nditatsimikiza mtima kuti wodzatsimikizayo ndidzakhala ine.

Chaka chachinayi: denga lodontha

Bwana Nyundo anabwerera kwawo nditagwira nawo ntchito zaka zitatu. Asanapite anandiphunzitsa luso limene landidyetsa moyo wonse: kudula kachidutswa ka mwala, kukamata pa kagalasi, kukapera mpaka kuwala kuzidutsa, kenako n'kukaona pa maikulosikopu. Anandisiyiranso katoni ya timagalasi tawo tophunzitsira, ta miyala ya kugombe kuja. Ndinaiika m'kabati momwe munkakhala timagalasi ta kampani.

M'malo mwawo munalowa a Makwinja, munthu waulemu wake, wodziwa kulankhula ndi akuluakulu. Miyala sankaidziwa, ndipo sankabisa. "Inu mungondiuza kuti inde kapena ayi, zinazo ndimaliza ndine," ankatero. Nthawi yawo inagwera m'zaka zosowa. Asidi anatha, tinkayesa laimu ndi viniga wogula mumsika wa Limbe. Timagalasi tatsopano sitinkabwera, ndinkadula a mawindo osweka. Dalaivala wathu, Che Yusufu a ku Chilobwe, ankatha tsiku lathunthu pamzere wa dizilo, akabwerako chimanjamanja n'kumandiseka.

"Achimwene, inu mukusaka mafuta a pansi pa nthaka, ine a papampu penipeni andikanika."

Che Yusufu anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Kutchire, iwo akayala mkeka wawo pansi pa mtengo kuti aswali, pokhala Msilamu, ine ndinkasiya kugogoda miyala mpaka amalize. Nditadwala malungo kutali ndi chipatala, anandibereka kumsana kuwoloka nane mtsinje wouma mpaka pamene tinasiya galimoto. Kuchokera pamenepo sitinalinso dalaivala ndi bwana wake.

Patchuthi cha Khirisimasi chaka chimenecho mvula inaboola denga pamwamba penipeni pa kabati ija. Pobwerera kuntchito tinapeza timapepala ta manambala titamatuka pa timagalasi tambiri, tikuyandama pansi. Katoni ya Bwana Nyundo inali itaphwasuka, zamkati zitasakanikirana ndi za shelefu yapansi pake. A Makwinja anandipatsa masiku awiri kuti ndikonze. Ndinamata manambala atsopano potsata kabuku kanga, ndipo pomwe kabuku sikankathandiza ndinkatsata mutu wanga. Ndinali wodzidalira. Panali timagalasi tingapo timene ndinkatikayikira, koma sindinalembe paliponse kuti ndikukayika.

Chaka chachisanu ndi chiwiri: mphodza m'mwala

Kale m'mbuyomo, Bwana Nyundo akadalipo, kampani yathu inakumba chitsime chakuya cha madzi cha ku Nsanje. Makina okumbira amatulutsa mwala wobulungira, wautali ngati nzimbe, ndipo timauyala m'mabokosi motsatana ndi kuya kwake. Mabokosi a chitsime chimenecho anatsala komweko m'kanyumba ka malata posowa galimoto yowanyamulira. Ku Limbe kunangobwera timagalasi.

Masana ena, ntchito itachepa, ndinatitenga kuti nditionenso. Pa kamodzi ndinaona tizigoba tooneka ngati mphodza yodula pakati, tili ndi tizipinda tozungulira m'kati mwake. Ndinapukuta maso n'kuonanso. Tizilombo timeneti sitikhala mumtsinje kapena m'nyanja ya madzi okoma. Ndi ta nyanja yamchere basi. Nambala ya pa kagalasiko inkanena chitsime cha ku Nsanje, pansi kwambiri. Ndinalowa muofesi ya a Makwinja osagogoda n'komwe.

"Inde kapena ayi?" anafunsa nditatha kulongosola.

"Inde, bwana!"

Chofunika chinali kupita kuchigwa kukagwira mwala weniweniwo ndi manja. Ndinapempha galimoto kamodzi, anandiyankha kuti dizilo kulibe. Sindinapemphenso kachiwiri. Mumtima ndinkati kagalasi kakwana, ndipo lero ndikuvomereza kuti sindinkafuna chilichonse chondichedwetsa. Ndinalemba lipoti lonena kuti nyanja yamchere inafikadi kuchigwa, kuti m'mphepete mwa nsanja ya laimu mungakhale pansi pamenepo, kuti iyenera kumakhuthala popita kumwera, ndipo kuti malowo ngoyenera kusakapo mafuta.

Lipotilo linayenda kutali kuposa mwini wake. Anandikweza kukhala mkulu wa gawo la miyala, n'kundipatsa nyumba ya kampani ku Sunnyside, ya kapinga ndi mpanda wa maluwa. Iwe Tiyamike ndi iwe Dalitso munabadwira m'nyumba imeneyo. M'tauni anzanga ankandiitana ali tsidya lina la msewu kuti, "A Mafuta!" ndipo ine ndinkayankha.

Patapita zaka khumi: alendo

Kenako kunabwera kampani ya kunja yosaka mafuta, lipoti langa lili m'chikwama. Inagwirizana ndi kampani yathu kuti tigwirire limodzi, ndipo cholinga chinali kukumba chitsime choyesera pafupi ndi chakale chija. Mabanja olima pamalopo anauzidwa kuti chaka chimenecho asabzale.

Che Yusufu panthawiyi anali atasiya ntchito. Ankayendetsa sitolo imene bambo awo anawasiyira ku Chilobwe, ndipo anali ndi lole imodzi yakale. Lamlungu lina anabwera kwathu, atakhala pakhonde n'kunena chimene anabwerera. Ankafuna kugulitsa sitoloyo pamodzi ndi nyumba yawo, agule malole akuluakulu onyamulira mapaipi a alendowo.

"Anthu akulankhula zambiri, koma ine ndabwera kudzamva pakamwa panu, achimwene. Zilipodi?"

"Mafuta palibe angalonjeze asanakumbe," ndinayankha. "Koma miyala yake ndinaiona ndi maso angawa."

"Basi, zakwana," anatero, n'kumaliza tiyi wawo.

Alendo aja anapempha timagalasi tatsopano todulidwa pa mwala weniweniwo. Che Yusufu anadzipereka kunditengera kuchigwa pa lole yawo, ati akaoneretu msewu. Kanyumba ka malata tinakapeza kakadali chilili. Mabokosi anali atadyeka ndi chiswe, koma manambala akuya anali olembedwa ndi penti pamiyala pomwepo, ndiye panalibe posokonezeka. Ndinayenda ndi chala mpaka pa nambala ya kagalasi kanga. Laimu analipodi, koma kutalika kwake sikunapose mkono wanga. Anali wofiirira, wodzala mchenga ndi zipsera za mizu. Laimu wotere amapangika m'nthaka youma madzi akamauma ndi dzuwa, ndipo nyanja sakuidziwa n'komwe. Ndinaswa pamwamba pake, ndinaswa pansi pake, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindinapeze chigoba ngakhale chimodzi.

Pokwera zitunda za ku Chikwawa ndinali chete. Che Yusufu anandiyang'ana kangapo.

"Mwadwala kodi?"

"Ndi kutenthaku," ndinatero.

M'mawa mwake ku Limbe ndinatulutsa kagalasi kaja n'kukayang'ana cham'mbali pawindo. Kanali kokhuthala kuposa tinzake, kobiriwira m'mphepete. Ndinanyowetsa kapepala ka nambala kamene ndinamata ine ndemwe chaka cha denga lodontha, n'kukamatula ndi chikhadabo. Pansi pake, pakona, panali kachizindikiro kokanda pagalasi kamene Bwana Nyundo ankaika pa timagalasi tawo tophunzitsira. Mwala umene unandipatsa dzina, mpando ndi nyumba sunali wa ku Nsanje. Unali wa kugombe la dziko la eni.

Sabata lomwelo

Msonkhano waukulu ndi alendowo unali Lachinayi pa hotela ina m'katikati mwa Blantyre. Ndinalowa kwa a Makwinja Lolemba, n'kuwaikira kagalasi patebulo. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Wadziwa ndani wina?"

"Palibe."

"Ndiye mvetserani. Inuyo munandiuza nokha kuti pa ntchito imeneyi zitsime zambiri zimatuluka zouma, ndipo palibe amatukwanidwa. Asiyeni akumbe. Akapeza mchenga adzati tsoka, n'kumapita kwawo. Pakali pano anthu athu muno akhala pantchito, kuchigwa kulambulidwa msewu. Mukalankhula, mwapha kampani ndipo mwadzipha nokha. Mungowauza kuti chiswe chinawononga miyala."

Sanali munthu woipa, ndipo zimene ananena za zitsime zouma zinali zoona. N'chifukwa chake mawuwo anandilowa. Ndinatuluka muofesimo. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Limbe mpaka ku Ginnery Corner, maminibasi akundiimbira hutala, ine ndikungowerenga anthu amene angavutike ndikalankhula ndi amene angavutike ndikakhala chete. Mbali zonse ziwiri kunali nkhope zozidziwa.

Mayi anu ndinawapeza akuanula zovala. Ndinawafotokozera zonse, osasiyako ngakhale za nyumba. Anapinda malaya anu a sukulu mosafulumira, kenako anati:

"Nyumbayi ndaikonda, bambo a Tiyamike, sindinama. Koma cholakwa chija munachita osadziwa. Ichi akukuuzanichi muchita mukudziwa. Nanga Che Yusufu mwawauza?"

Lachiwiri m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Chilobwe. Ndinawapeza panja akumanga batire la lole. Ndinalankhula nditaimirira, chifukwa ndinkaona kuti mpando sundiyenera. Nditamaliza anaika sipanala pansi pang'onopang'ono.

"Sitolo ndasainira dzulo masana," anatero. "Nyumba timati tisainirane Loweruka."

Kenako anandifunsa:

"Tili panjira paja, munkadziwa?"

"Ndinali nditayamba kudziwa."

"Ndiye munati ndi kutentha." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukanatsegula pakamwa pazitunda paja, sitolo ya bambo anga bwenzi ilipo. Pitani, achimwene. Lero sinditha kulankhula nanu bwino."

Tsiku limodzi lokha la mantha anga linawatayitsa chimene bambo awo anamanga moyo wawo wonse. Pobwerera m'minibasi muja ndinadziuza kuti sindiwonjezerapo tsiku lina.

Lachinayi chipinda chinadzaza. Munali alendo, akuluakulu ochokera m'maofesi osiyanasiyana, ndi a Makwinja kumpando wakutsogolo. Pakhoma anapachika mapu aakulu, nsanja yanga ya laimu itajambulidwa ndi utoto wabuluu pansi pa chigwa. Itakwana nthawi yanga ndinaimirira. Ndinaika patebulo zinthu ziwiri, kagalasi kaja ndi chidutswa cha laimu wofiirira wa ku Nsanje. Ndinati lipoti limene mwabwera nalo ndinalemba ndine, ndipo maziko ake ndi olakwa. Ndinafotokoza za denga, za manambala, za ulendo umene ndinayenera kuyenda zaka khumi zapitazo koma sindinayende. Ndinamaliza ndi kunena kuti sindikuti kuchigwa kulibe mafuta, chifukwa zimenezo sindikuzidziwa, koma umboni wakuti nyanja yamchere inafika pa chitsime chija palibe, ndipo utoto wabuluu uli pamapuwo ufufutidwe.

Ndinakhala pansi. Wina kumbuyo anaseka mwachipongwe. A Makwinja ankangoyang'ana zala zawo. Mkulu wa za miyala wa alendowo, mayi wa imvi, anatenga chidutswa chija, anachitembenuza, anachiona ndi kagalasi kake kokulitsira kamene ankavala m'khosi, n'kugwedeza mutu. Anandifunsa kuti anagwira cholakwacho ndani. Ndinati ndine. Anafunsanso ngati panali wina akanachigwira tisanakumbe. Ndinati sindikuganiza choncho. Anangolemba m'kabuku kake.

Zotsatira zake

Chitsime chija sichinakumbidwe. Alendo anapita kukayang'ana kwina, ndipo kampani yathu inataya ntchito yaikulu kuposa zonse imene inapezapo. Anzanga anayi anachotsedwa, ndipo mmodzi mwa iwo mpaka lero tikakumana m'tauni amayang'ana kumbali. Sindimamudandaula. Mabanja a kuchigwa anabzala mochedwa, koma anabzala. A Makwinja sanandichotse ntchito. Anandiitana n'kunena kuti mpando wa ukulu ndiusiye, nyumba ndibweze pakutha pa miyezi itatu, ndibwerere ku mijigo.

"Mwandipweteka," anatero. "Koma mukadzandiuzanso kuti inde, ndidzagona tulo."

Ndinalemba lipoti lachiwiri lotsutsa loyamba, lofotokoza cholakwa chilichonse ndi dzina langa pansi pake. Kampani inakana kulisindikiza. Ndinakalitayipitsa ndekha pa kaofesi kena m'tauni, n'kulitumiza kulikonse kumene ndinkadziwa kuti loyamba linafika, ndi pempho lakuti awamatire pamodzi. Kumene sanayankhe ndinalembanso, kwina katatu. Ku mijigo ndinagwirako zaka zina khumi ndi zisanu mpaka kupuma, ndipo sindinasainenso pepala lililonse la mwala umene sindinaugwire ndi manja anga. Achinyamata ankati ndine wovuta. Mukadzamva wina akunena kuti bambo anu anapeza mafuta kapena kuti anawataya, mudzamuuze kuti zonse ziwiri si zoona. Funso la nsanja ya laimu likadali poyera, ndipo wodzaliyankha adzayambire pamiyala, osati pa dzina la munthu.

Nyumba tinaipeza ku Nkolokosa, ya zipinda ziwiri, bwalo lake la fumbi. Tsiku losamuka galimoto imene ndinapangana nayo sinabwere. Katundu anali panja pa kapinga, mitambo ikuda, inu awiri mukulira chifukwa simunkamvetsa chimene tikuchokera. Cha m'ma teni koloko tinamva lole ikubwerera chambuyo pageti. Anali Che Yusufu, amene anali asanandilankhule chichokere tsiku la batire lija. Mayi anu ndi amene anatumiza uthenga kwa akazi awo, ine osadziwa.

Anatsika, anapereka moni kwa mayi anu, anakugwirani mitu inu awiri. Ine ndinayamba kupepesanso, koma anakweza dzanja.

"Za sitolo sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala," anatero. "Koma m'nyumba mwanga ndikugonamo, ana anga sali pa lendi. Mukanakhala chete bwenzi zonse zitapita. Gwirani uko, kabatiyi ndi yolemera."

Ndinagwira. Tinakweza kabati, mabedi, matumba a ziwiya, inu tinakukhazikani pamwamba pa matiresi. Mvula inatipeza tikutsitsa katundu womaliza pakhomo lino, pamene ndakhala ndikulemba izi.